Piritoni ndi Thadzi la Lonjezo

Pa Mlonyeni pano mukafunsa kwa a Eneya Mbewe, ena akuuzani kuti ndi kwa aphunzitsi opuma ntchito aja, koma ambiri angokuuzani kuti yendani mpaka mupeze khomo lopanda nkhuku. A Eneyawo ndine. Ndaphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera mpaka choko kundiyeretsa tsitsi, m'manja mwanga mwadutsa anamwino ndi apolisi, koma chimene mudzi ukundidziwa nacho n'chakuti mwamuna wamkulu wandevu zake ndimapatukira thadzi panjira.

Sikuti ndimaopa nkhuku. Ikakhala m'mbale timagwirizana kwambiri, ndipo nthutumba sindigawana ndi munthu. Chimene thupi langa limakana ndi nthenga, ndi kafumbi kamene kamabuka nkhuku ikakupiza mapiko. Kakangondilowa m'mphuno ndimayetsemula mpaka agalu kuuwa, maso kufiira n'kutupa, mamina osaleka, khosi lonse ziwengo.

Ndili mwana palibe amene ankadziwa zimenezi. Kwathu nkhuku zinkagona m'nyumba momwemo, pakona pamene ine ndinkayala mphasa. Amayi ankati mwanayu anabadwa ndi chimfine, atsibweni awo ankati wina anandiponda. Anapita nane kwa sing'anga wina cha kumalire, anditema mphini pachifuwa zimene ndikadali nazo, ndipo malipiro ake anali nkhuku yoyera. Woinyamula m'khwapa ulendo wonsewo ndinali ine wodwalayo. Tinafika ndisakuona n'komwe, sing'angayo n'kunena kuti taonani mmene mizimu yakwiyira.

Nditapita kusukulu yogonera komweko mphuno zinatseguka, ine n'kumaganiza kuti maphunziro ndiwo andichiritsa. Tchuthi chilichonse ndikabwera kumudzi umbuli unkandibwereranso. Ndinali kale pa koleji ya zauphunzitsi pamene ndinapita kuchipatala pa Boma, ndipo bambo wina wovala zoyera, m'malo mondipima zambiri, anangondifunsa kuti ndimagona ndi chiyani m'nyumba. Anaseka, nandipatsa timibulu tachikasu, tating'ono ngati mbewu ya therere. Ndinamwa kamodzi pa mpopi wa panja, n'kukakhala pansi pa mtengo kudikira basi. Posakhalitsa ndinamva mpweya ukulowa mphuno zonse ziwiri, ndipo ndinasangalala mpaka misozi. Nditadzuka, basi inali itabwera n'kupita kalekale, mbuzi ikudya ngodya ya chikwama changa.

Umu ndi mmene ndinakumanirana ndi piritoni, ndipo khalidwe lake silinasinthe mpaka lero. Dzina lake la m'mabuku ndi klofenamini. Ndi mankhwala akalekale, anapangidwa ine ndisanabadwe. Nditakhala mphunzitsi ndinawafufuza mbiri yawo yonse, moti mwana aliyense amene ndinamuphunzitsa anajambulapo chithunzi chake m'kope ngakhale sichinali pa silabasi: mphete ziwiri, ina itanyamula klorini, ina ili ndi nayitrojeni mkati, ndi kamchira kothera pa nayitrojeni winanso. Ndinkawauza kuti thupi la munthu ngati ine likakumana ndi fumbi la nthenga limaganiza kuti kwabwera mdani, ndiye limakhuthula madzi ake otchedwa hisitamini. Hisitaminiyo akakhala pamalo ake m'mphuno, m'maso ndi pakhungu, mpamene kuyabwa, kutupa ndi mamina zimayamba. Piritoni amathamangira kukakhala pamalo omwewo, hisitamini n'kupeza mipando yadzaza. N'chifukwa chake kuchipatala amawapereka kwa a ziwengo, olumidwa ndi njuchi kapena mavu, ndi a chimfine cha fumbi.

Vuto n'lakuti kanthuka n'kakang'ono ndipo kamalowerera bwino m'mafuta, choncho mpanda umene umatchinga ubongo kamaudutsa ngati wanjinga wodziwa tinjira tachidule tolowera ku Zambia. Kuubongoko hisitamini yemweyo ali ndi ntchito ina yabwino, yokhalitsa munthu maso. Piritoni sasankha, amakamulandanso mpando kumeneko, munthu n'kuyamba kuwodzera. Ana ankalikonda phunziro limeneli, makamaka chifukwa nthawi zina mphunzitsi ankawaonetsa zotsatira zake iye mwini, mutu uli pa tebulo. Ndagonapo pa msonkhano wa makolo, ndagonapo m'tchalitchi ndili pa benchi ya akulu ampingo, ndagonapo pa maliro masanasana ndikuyembekezeka kuwerenga uthenga wa kusukulu.

Mkazi wanga Dailesi anachokera ku banja loweta nkhuku zambiri, koma atandiona sabata yoyamba ya ukwati wathu anagawa zake zonse kwa abale ake osanena kanthu. Mukudziwa inu tanthauzo la khomo lopanda nkhuku kuno. Mlendo akabwera, anzathu amangotuma ana kuthamangitsa tambala, pamene Dailesi amazemba kuseri kukapempha kwa aneba kuti amuphere ndi kumusosolera komweko. Wachita zimenezi moyo wake wonse, ndipo akafuna kundinyoza amangonditchula kuti aphunzitsi, mawu ake atawakoka pang'ono.

Mulungu sanatipatse ana athuathu. Amene tinalera ndi Lonjezo, mwana wa mlongo wanga Anasi. Anasi anamwalira Lonjezo asanayambe sukulu, bambo ake anali atawolokera ku Chipata kale osabweranso, ndiye mwanayo anabwera kwathu ndi kajumbo ka zovala. Amanditchula kuti amalume, koma amene anamuphunzitsa kukwera njinga ndi kulemba dzina lake ndine. Anakula wofatsa, wosakonda kupempha. Pano ndi telala pa Boma, ndipo kumeneko ndi kumene anakumana ndi Vincent, mnyamata wa kwa Zulu wokonza njinga zamoto.

Nkhani ya ukwati itabwera, nkhoswe ya kuchikazi inali yodziwikiratu. Mwinimbumba ndine, malume wina palibe. Ndinavala jekete, n'kukwera kabaza kupita kwa Zulu kukakambirana za chinkhoswe ndi a Enoki, amalume ake a Vincent. Nditangofika mtima unagwa. A Enoki amaweta nkhuku zamazira, ndipo mipando anaiika pamthunzi wabwino wa mtengo wa mango, moyang'anana ndi khola. Ndinapempha madzi akumwa, n'kumeza kam'bulu kanga mobisa. Kunali kotentha, anatipatsa thobwa, ndipo a Enoki ndi munthu woyamba nkhani kuchokera kwa agogo awo. Ndimakumbukira akufotokoza za mmene banja lawo linafikira kwa Zulu. Chotsatira chimene ndimakumbukira ndi dzanja likundigwedeza phewa, chipewa changa chili pansi, dovu lili pa tayi, ndipo abale onse a kuchimuna ali chete kundiyang'ana. Akuti anandifunsa kawiri ngati kuchikazi kuli ndi mawu, ine n'kuyankha ndi mkonono.

Ndinayesa kufotokoza za hisitamini. Ndinafika mpaka potola kamtengo kuti ndijambule mphete ziwiri zija pansi. A Enoki anangogwedeza mutu mwaulemu, ulemu wa mtundu umene anthu amapereka kwa munthu woledzera.

Mbiri inandipitirira kufika kwathu. Kwa Zulu kunamveka kuti malume a mtsikanayo ndi chidakwa, ena amati ayi, sakufuna ukwatiwo, ena amati n'zimene zimachitika ukatola mwana wamasiye, kuseri kwake kulibe anthu. Mawu omalizawa ndi amene anafika kwa Lonjezo, ndipo amene anamuuza ndi apongozi ake, amayi a Vincent, akumwetulira, ali kuyesa bulauzi pa shopu ya Lonjezoyo. Anamufunsa kuti kodi kwanu kulibeko mwamuna wina woti tidzamuone?

Lonjezo anabwera Loweruka, anathandiza Dailesi kusenda mtedza, osatchula kanthu. Dailesi ndiye anandiuza zonse, nawonjezera maganizo ake. Pa chinkhoswe, nkhoswe ya kuchikazi imanyamula thadzi lamoyo pamaso pa anthu, kulipereka kuchimuna, n'kulandira tambala. Kodi aphunzitsi mudzalinyamula ndi chiyani? Mukamwa mankhwala mudzagona, mukapanda kumwa mudzathawa. Iye anati ndibwino tipemphe Alufeyo, msuweni wanga wa ku Kamwendo, adzaimirire m'malo mwanga, ine ndidzakhale kumbuyo ngati mlendo wolemekezeka. Alufeyo ndi munthu wamimba yake, wa mawu okoma, koma Lonjezo anamuonapo kawiri kokha, ndipo konseko kunali kumaliro.

Kunena zoona, maganizowo anandikomera. Ndinaitana Lonjezo kuti ndimuuze ngati nkhani yabwino. Anamvetsera atagwada, maso ali pa lichero, kenaka anati: "Chabwino amalume, mmene mwaoneramo. Kungoti a Alufeyo akadzafunsidwa kuti mwanayu ndi wotani, adzayankha chiyani? Ine ndimafuna aone kuti ndili ndi munthu."

Anatenga lichero lake n'kubwerera kukhitchini. Ine ndinatsala pakhonde ndi manyazi aakulu, oposa a kwa Zulu aja, ndipo ndinadziwa kuti thadzilo ndidzalinyamula ndine.

Lolemba ndinapita pa Boma kukaonana ndi adokotala. Anali mtsikana wamng'ono, ndipo ndisanamalize kumuphunzitsa ntchito yake anandikumbutsa kuti pali mankhwala atsopano a ziwengo, monga setirizini, amene salowa kwambiri kuubongo. Ndinkawadziwa, koma ndinkawanyoza monga mmene okalamba timanyozera chilichonse chobwera ife titazolowera kale china. Anandiuza kuti ndimwe kamodzi m'mawa, ndipo ndisadzayerekeze kuwonjezerapo piritoni pamwamba pake.

Monga munthu wa sayansi, ndinati ndiyese kaye. Ndinabwereka thadzi kwa aneba, n'kumakakhala nalo kuseri kwa nkhokwe kuti anthu asandione. Mwatsoka thadzi limene anandibwereka linali lakuda bii. Tangoganizani, mwamuna amene sanagwirepo nkhuku chikwatirire, chinkhoswe chili pafupi, wabisala kuseri kwa nkhokwe ndi nkhuku yakuda pamiyendo, akuilankhula. Amayi opita kumjigo anayamba kudutsa njira ina. Dailesi anandilanda thadzilo nati kwa Zulu akukutchani chidakwa, ndiye mukufuna kuno akutcheni mfiti?

Komabe kuyesako kunandiuza zoona. Mankhwala atsopanowo sankandigonetsa, ndipo nkhuku ikakhala poteropo ndinkapirira. Koma ikakhala m'manja, nthenga zili pansi pa mphuno, mamina ankatulukabe. Piritoni ali ndi kakhalidwe kena kowumitsa m'mphuno ndi m'kamwa, kamene anzake atsopanowa alibe kwenikweni. Ndiye ndinali ndi njira ziwiri: mphuno youma pa munthu wogona, kapena munthu wamaso wa mphuno yodontha.

Tsiku la chinkhoswe linafika ndi mphepo ya mu Seputembala, yonyamula fumbi. Tinamanga tenti pabwalo lathu, akuchikazi titavala nsalu yobiriwira, akuchimuna yofiirira. Ndinamwa kam'bulu katsopano m'mawa. Koma ndisakunamizeni, m'thumba la jekete ndinaikamonso kachikasu kaja, monga amachitira munthu amene wasiya fodya koma machesi akuyendabe nawo.

A kwa Zulu anafika pa lole, akuimba. Anandipatsa moni akundinunkhiza mochenjera, ndipo ndinaona azimayi awo akugwirana zigongono. Mwambo unayenda bwino. Anatulutsa atsikana ofunditsidwa nsalu kumutu, Vincent n'kuzungulirazungulira ngati sakumudziwa wake, anthu n'kumaseka. Atamupeza, Lonjezo anakhala pampando wa kutsogolo, mutu uli pansi monga achitira mkwatibwi, osaseka, osayang'ana munthu. Anavala diresi limene anasoka yekha, ndi nsalu yatsopano paphewa.

Kenaka woyendetsa mwambo anaitana ankhoswe. Dailesi anabwera ndi thadzi lofiira lomangidwa miyendo, nandiyang'ana m'maso ngati akundipatsa mwana wodwala. Ndinalilandira. Ndinkaganiza kuti tingosinthana msangamsanga, ine n'kukasamba m'manja. Ndinaiwala kuti maikolofoni ayamba kupatsidwa a Enoki.

Anayambira kwa agogo awo aja. Ine ndinaima padzuwa, thadzi lili pachifuwa, mtima wake ukugunda pa dzanja langa. Mphepo inaomba, thadzi linakupiza mapiko, ndipo ndinamva kuyabwa kuja kukukwera m'mphuno. Ndinayesa kupuma ndi pakamwa. Ndinayesa kuluma lilime. Kuyetsemula koyamba kunamveka mpaka pa zokuzira mawu, a Enoki n'kuima kaye. Kwachiwiri thadzi linalira. Kuyambira pamenepo sindinathenso kudziletsa, maso anatupa, misozi ndi mamina zinakumana pa ndevu, ndipo manja onse awiri anali pa nkhuku, mpango uli m'thumba umene sindikanatha kuutulutsa. Ana anayamba kuseka, kenaka akuluakulu a mbali yofiirira.

Ndinakakumbukira kam'bulu kachikasu. Kanali pomwepo, pa nthiti zanga. Ndikanatha kupatsa munthu thadzilo, n'kupempha madzi. Koma adokotala anandiletsa, ndipo ngakhale akanapanda kutero, ndinkadziwa kumene ulendo umenewo umathera: pampando, pakamwa pali yasa, akuchimuna akuuzana kuti tinanena ife.

A Enoki anandiyandikira, maikolofoni ataibisa kumbuyo, nandinong'oneza kuti ngati abambo simukupeza bwino, aitaneni a Alufeyo amalize, palibe amene akudandauleni. Ananena mokoma mtima ndithu, ndipo Alufeyo anali atayamba kale kukonza jekete lake. Ndinapukusa mutu, n'kuloza ndi chibwano kuti andigwirire maikolofoniyo pakamwa.

Zimene ndinakonzekera kunena zinali zambiri, ndipo zinali ndi mutu, thunthu ndi mathero monga ndinkaphunzitsira. Zonse zinathawa. Ndinayetsemula kaye, kenaka ndi mawu otsekeka m'mphuno ndinati:

"A kwa Zulu, ine ndine Eneya. Kwanu kuja ndinagona, ndipo lero mukundiona mmene ndililimu. Si mowa, ndi nkhukuyi. Chibadwire sindigwirizana nayo. Koma mwana mukutengayu ndamulera ndine, kuyambira ali ndi mano a mkaka. Sanama, sabwezera mawu, akakwiya amangosesa pabwalo. Akadzalakwa, musadzafunse kwina, mudzabwere kwa ine. Akadzalira, dziwani kuti ndidzabwera ndine, ngakhale mudzandikhazikenso pafupi ndi khola."

Ena anaseka pa mawu omalizawo, koma kuseka kwake kunali kwina. Ndinapereka thadzi, a Enoki analandira ndi manja awiri atawerama. Kenaka anandipatsa tambala, chitambala chachikulu choyera, cha nthenga zambiri kuposa thadzi lija, ndipo ndinachikumbatiranso chifukwa mwambo ndi mwambo. Nthungululu zinamveka mbali zonse, ine ndisakuona kanthu, maso atatsala timing'alu.

Ndinangomva phokoso likuzirala mwadzidzidzi. Pa chinkhoswe mkwatibwi sadzuka pampando popanda womudzutsa, koma Lonjezo anali atadzuka yekha. Anadutsa bwalo lonse pamaso pa apongozi ake, nafika pamene ndinaima, navula nsalu yatsopano ija paphewa. Anandipukuta maso, anandipukuta ndevu, kenaka anagwira mphuno yanga ndi nsaluyo monga ndinkamuchitira iye ali wamng'ono.

"Minani, amalume," anatero.

Ndinamina, pamaso pa Mlonyeni ndi Zulu yense, tambala ali m'manja.